Galimoto Yopanda Pogona

Chipinda changa ku Chikanda nchaching'ono,
komabe ndimakwanamo:
ine, matilesi, ndowa, mabuku a masamu.
Wosakwana ndi mnzanga wa matayala anayi,
Siyenta ya malume amene anapita ku Joni
nandiponyera makiyi ali pakhomo la basi:
"Usiku uzinyamula anthu, usana uziwerenga,
fizi ituluka m'menemo."

Fizi imatulukadi, pang'onopang'ono ngati madzi a pampopi wathu.
Chosowa ndi poigoneka.

Mayi Namasala, eni nyumba,
anadula mtengo wa mapeyala namangapo zipinda zinayi.
Bwalo lonse linasanduka lendi.
Patsala kanjira koti munthu wonyamula beseni
adutse chammbali, atapuma kaye.
Nditawafunsa za galimoto anandiyang'ana kuyambira kumapazi:
"Ine ndimasunga ana a sukulu, achimwene,
zitsulo sindisunga."

Lolemba ndinaiimika kutchalitchi.
M'mawa ndinapeza kalata pagalasi,
yoyamba ndi moni wa mtendere,
yomaliza ndi dzina la apolisi.

Lachiwiri kuseri kwa golosale ya Che Chilemba,
sauzande imodzi usiku umodzi.
Kutacha, kalilole wakumanzere kulibe.
Che Chilemba akuti agalu sanauwe,
ndiye wakubayo ndi wapakhomo, ndipirire.

Lachitatu ndinaisiya m'mbali mwa ngalande.
Mvula inatsika m'phiri pakati pa usiku
ngati yatumidwa kwa ine ndekha.
Anyamata anayi akabaza anandikankha m'matope
mpaka mayeso a eyiti koloko anayamba popanda ine.
Ndinawagulira mandasi. Anati ochepa.

Kukampasi nako malo alipo,
ojambulidwa bwino ndi penti yoyera,
koma aliwonse ali ndi mwini wake.
Mlonda amandiwona ndisanakhote, nakweza dzanja:
"Apa ndi pa abwana. Apo ndi pa abwana enanso,
ali ku msonkhano ku Lilongwe, koma mpawo."
Ndimazungulira, ndimazunguliranso,
kuwotcha mafuta amene ndinawaimira pamzere
kuyambira mbandakucha mpaka nthawi ya nkhomaliro.

M'kalasi aphunzitsi akulemba pabolodi za kukula kwa malo.
Ine kumapeto kwa kope ndikuwerengera zanga:
mamita anayi ndi theka m'litali,
awiri m'lifupi.
Asanu ndi anayi basi.
Zomba yense, ndi phiri lake, ndi mapaini ake,
ndi nyumba zakale za boma zokhala akangaude,
wandimana mamita asanu ndi anayi.

Asiyatu wa chipinda chachitatu amandiseka.
Akuti iwo amagona atatu pa bedi la munthu mmodzi,
wina akatembenuka onse atembenuke,
ndiye ndisamalire pamaso pake za pogona galimoto.
Sindinamuyankhe. Sananame.

Sabata yatha ndinapeza malo.
Pansi pa jakaranda, pomwe msewu wafumbi umathera,
moyandikana ndi manda.
Palibe wondilipiritsa,
palibe wobwera ndi sipanala usiku.
Eni ake a kumeneko anapatsidwa mamita awiri aliyense
ndipo sindinamvepo akudandaula.

Koma mtima sunandilole kuisiya yokha.
Tsopano ndimagona momwemo, mpando nditaugwetsa chagada,
kope pachiwongolero, kagetsi kakudenga kakuyaka,
ndikuwerenga mofulumira batire lisanathe.
Maluwa ofiirira amagwera pagalasi limodzilimodzi,
ine nkumadzidzimuka ngati wina wagogoda.

Makiyi a chipinda ndinampatsa Asiyatu.
Akuti kwa nthawi yoyamba chaka chino
wagona atatambasula miyendo yonse iwiri.
Lendi ndimalipirabe ine.

Folo koloko foni yalira.
Mayi wina ku Matawale, mwana watentha thupi,
akufuna kuchipatala chachikulu.
Ndapukuta nthunzi pagalasi ndi mkono wa juzi,
ndaliza injini, ndapepesa aneba anga ogona,
ndaika mwala waukulu pomwe panali tayala lakutsogolo
kuti ndikabwerako
ndisapeze wina wadziwa.